Kulimbitsa masipuling'i akumbuyo a pikiapu yakale yonyamulira zokolola

Kuno ku Mwanza pikiapu sipuma. Kuyambira Meyi mpaka Julayi imatuta manachesi, kenako chimanga ndi nandolo, ndipo pofika Novembala imakhala ikukweza feteleza ndi mbewu kumidzi. Msewu wa M6 wochokera pa Zalewa kukafika pa chipata cholowera ku Mozambique ndi wa tala, koma mukangopatuka kulowera kwa Kanduku, kwa Nthache kapena kwa Govati, misewu yambiri ndi yadothi, ya zitunda, miyala ndi ngalande zokumbika ndi madzi. Magalimoto amene amagwira ntchito m'misewu imeneyi mumawadziwa: Toyota Hilux, Isuzu KB, Nissan Hardbody, Mitsubishi L200, ndi Land Cruiser kwa omwe zinawayendera. Ambiri mwa iwo ndi akale, anadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo kumbuyo kwawo kunakhala pansi.

Tsamba lino ndi la inu amene muli ndi pikiapu yotere, kapena amene kalabu kapena kopaletivi yanu ikuganiza zogula kapena kukonzetsa. Ngakhale amene mumangochita hayala, mupezamo zoyenera kuyang'ana musanakweze zokolola zanu pa galimoto ya munthu.

Masipuling'i olimba sawonjezera katundu wololedwa

Mfundo iyi ibwere poyamba chifukwa ndi pomwe ndalama za alimi zimatayikira. Mukaika masipuling'i olimba, galimoto imaima mowongoka ngakhale italemedwa, ndiye maso amakunamizani kuti ikhoza kulandira matumba ena asanu. Koma mabuleki ndi omwe aja, mabering'i a mawilo ndi omwe aja, chasisi ndi chomwe chija. Cholinga cha ntchito yonseyi ndi chakuti galimoto inyamule bwino katundu amene inapangidwira, isamagunde pansi, ndiponso izimvera chiwongolero.

Galimoto iliyonse ili ndi kachitsulo kapena pepala lomatidwa, kawirikawiri m'chipinda cha injini kapena pafelemu ya chitseko, pomwe palembedwa kulemera kwake konse kololedwa. Zilembo zake ndi GVM. Kulemera kwa galimoto yopanda katundu mukupeza pa mapepala ake. Mukachotsera kwachiwiriku pa koyambako, chotsalacho ndi cha zonse zimene mungakweze, kuphatikizapo inu amene.

Tiyerekeze kuti GVM ndi makilogalamu 2,750 ndipo galimoto payokha ikulemera 1,700. Atsala 1,050. Dalaivala ndi womuthandiza achotsapo 140. Zitsulo zotchingira katundu zimene munawotcherera kumbuyo zichotsapo 60. Jeke, masipanala, chigubu cha dizilo ndi tayala lachiwiri lapadera zichotsapo 50. Atsala 800, amene ndi matumba 16 a makilogalamu 50. Si 20 ayi, ngakhale aliyense amaitcha galimotoyo kuti ndi ya tani imodzi. Werengerani chimodzimodzi ndi manambala a galimoto yanu. Ya zitseko zinayi imanyamula zochepa kuposa ya zitseko ziwiri, ndipo aliyense wokwera pamwamba pa katundu ndi thumba lina ndi kachidutswa.

Kumbukiraninso kuti thumba la kumudzi si la makilogalamu 50 nthawi zonse. Matumba osokerera pakamwa, aja a manachesi ndi mbatata, amapitirira. Ikani matumba awiri kapena atatu pa sikelo ya kalabu kuti mudziwe zoona zake.

Zimene zili kunsi kwa bodi

Mukagwada kumbuyo kwa tayala muona zitsulo zafulati zosanjikizana, zopindika ngati uta. Mulu wonsewo ndiwo sipuling'i, ndipo chitsulo chimodzichimodzi amakaniko amachitcha buledi. Yapamwamba, yomwe ndi yaitali kwambiri, ili ndi diso mbali zonse ziwiri. Diso lakutsogolo limamangidwa ku chasisi ndi bawuti yosasuntha. Lakumbuyo limagwidwa ndi shakolo, tizitsulo tiwiri tolendewera timene timalola sipuling'i kutalika ikamaphwatalala. M'maso onsewa muli mabushi a labala. Pakati pa mulu pali bawuti imodzi yogwira mabuledi onse pamodzi, ndipo mutu wake umalowa m'kabowo ka pa difu kuti difuyo isasunthe. Mabawuti awiri opindika ngati chilembo cha U ndiwo amamanga sipuling'i ku difu.

Pa mapikiapu ambiri, pansi pa mulu pamakhala buledi imodzi kapena ziwiri zonenepa, zowongoka, zomwe sizigwira ntchito galimoto ikakhala yopanda katundu. Zimayamba kugwira mabuledi apamwamba akatsika n'kuzikhudza. Palinso kalabala kolimba pakati pa chasisi ndi difu koletsa zitsulo kugundana, ndiponso mashoki awiri.

Mashoki sanyamula katundu. Ntchito yawo ndi kuletsa galimoto kupitiriza kudumpha ikadutsa pa bampu. Choncho galimoto yokhala pansi singadzuke ndi mashoki atsopano, ndipo galimoto yodumphadumpha singakhazikike ndi buledi yowonjezera.

Yezani musanagule chilichonse

Tsukani kunsi, imikani galimoto pamalo osalala yopanda katundu, matayala ali ndi mpweya wofanana. Ndi tepi, yezani kuchokera pakati pa wilo kufika m'mphepete mwa bodi pamwamba pa tayala, mbali zonse ziwiri, ndipo lembani. Kusiyana kopitirira masentimita awiri kukusonyeza kuti mbali imodzi yatopa kapena ili ndi buledi yothyoka. Kwezani katundu amene mumanyamula masiku onse n'kuyezanso. Kenako suzumirani pa kalabala kaja: ngati kakukhudza difu galimoto itangoima, kapena ngati pa difu pali malo onyezimira pomwe kamagunda, masipuling'i sakukwanitsa katunduyo, kapena katunduyo ndi wopitirira muyeso.

Yang'anani buledi iliyonse ndi tochi. Mng'alu umaoneka ngati kamzere ka dzimbiri lofiira kodutsa chopingasa, ndipo umakonda kubisala pafupi ndi mabawuti a U ndi pafupi ndi diso. Lowetsani chitsulo pa diso n'kutukula: ngati diso likusewera, mabushi atha. Phokoso la "gu, gu" mukamanyamuka kapena kuponda mabuleki nthawi zambiri limachokera pamenepa, ndipo kukonza kwake n'kotsika mtengo kuposa zina zonse pa tsamba lino.

Pemphani mnzanu ayendetse galimoto molunjika inu mutaima kumbuyo. Ikamayenda chammbali ngati nkhanu, bawuti yapakati yadukira mkati ndipo difu yasuntha mbali imodzi. Galimoto imeneyo isanyamule kanthu mpaka itakonzedwa.

Shoki yonyowa mafuta mpaka kuyenderera yatha. Njira ina yoiyesera ndi iyi: mukayenda makilomita angapo mumsewu wa mabampu, imani n'kukhudza thupi la shoki mosamala. Yogwira ntchito imakhala yofunda, yakufa imakhala yozizira. Matayala odyeka mwa timaenje timaenje kuzungulira ndi chizindikiro chinanso.

Musamalize musanaone chasisi. Malo ovuta ndi pakati pa kabini ndi bodi, ndi pomwe masipuling'i amamangidwa. Gogodani ndi hamala yaing'ono. Chitsulo chabwino chimalira, chodyeka ndi dzimbiri chimamveka ngati mukugogoda chikuni chofumbwa. Mpata wa pakati pa kabini ndi bodi ukakhala wotakasuka pamwamba kuposa pansi, chasisi chayamba kale kupindika. Kuika masipuling'i olimba pa chasisi chotere ndi kufulumizitsa kuthyoka kwake.

Njira zolimbitsira

Njira yabwino koposa ndi kugula masipuling'i atsopano, mbali zonse ziwiri, opangidwira mtundu wa galimoto yanu. Amagulitsidwa molingana ndi katundu: ena ndi ofanana ndi a kufakitale, ena ndi a galimoto yomwe imakhala yolemedwa nthawi zonse. Mumzinda wa Blantyre, ku Limbe, ku Ginnery Corner ndi ku Ndirande, ndiko alimi a kuno amapeza zipangizo zambiri. Pitani ndi sipuling'i yakale, kapena ndi miyeso yake yolembedwa: m'lifupi mwa buledi, kutalika kuchokera pa diso lakutsogolo kufika pa bawuti yapakati, kuchokera pa bawutiyo kufika pa diso lakumbuyo, ndi kukula kwa maso. Dzina lokha loti Hilux silikwanira chifukwa ma Hilux a zaka zosiyana ali ndi masipuling'i osiyana. Miyeso iwiri ya kutalikayo nthawi zambiri sifanana, ndiye sipuling'i ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Ikaikidwa chotembenuza, tayala limasunthira pafupi ndi bodi.

Ogula masipuling'i ochotsedwa pa galimoto ina aone kuti awiriwo achokera pa galimoto imodzi ndipo akaimikidwa pansi chagada akufanana msinkhu.

Njira yachiwiri, imene ambiri amaikwanitsa, ndi kuwonjezera buledi imodzi mbali iliyonse. Imathandiza ngati mabuledi akale alibe ming'alu ndipo angofooka pang'ono. Koma pali kachitidwe kake. Buledi yowonjezerayo ikhale yofanana m'lifupi ndi zinzake, ndipo kunenepa kwake kusasiyane nazo kwambiri. Ilowe pamalo pomwe kutalika kwake kukugwirizana ndi masitepe a mulu wonse, yaitali pamwamba, yaifupi pansi. Nsonga zake zipalidwe zikhale zosalala, chifukwa nsonga yakuthwa imakumba buledi yapamwamba pake mpaka kuithyola. Bowo lapakati liboolewe ndi makina, osati kuotcha ndi moto wa wowotcherera. Pafunikanso bawuti yapakati yatsopano yotalikirapo, ya mutu wokwana bwino m'kabowo ka pa difu, ndi mabawuti a U atsopano otalikirapo.

Ena amadula buledi ya lole n'kuilowetsa mu pikiapu, poganiza kuti kunenepa ndiko kulimba. Buledi yotere sipindika pamodzi ndi zinzake. Mphamvu yonse imathera pansonga zake ndi pomwe sipuling'i imagwira chasisi, ndipo chothyoka chimakhala buledi yaikulu kapena chasisicho. Ine ndimalangiza buledi imodzi ya pikiapu inzake. Ngati imodzi sikukwanira, vuto ndi katundu wanu kapena masipuling'i onse atha.

Njira yachitatu ndi kupinditsanso mabuledi akale kuti abwerere msinkhu wawo. Ndi yotsika mtengo, koma chitsulo chotopa chimabwerera pansi, nthawi zina nyengo ya nandolo isanathe. Ngati mwasankha njirayi, ichitidwe ndi amene ali ndi makina opindira, ndipo iphatikizidwe ndi buledi yowonjezera. Musalole kuti mabuledi aikidwe pa makala kapena pa moto wa gasi. Chitsulo cha sipuling'i chinaphikidwa mwa muyeso wake kufakitale, ndipo moto wosayeza umachisandutsa chofewa kapena chosweka ngati mbale yadothi. Pachifukwa chomwechi, buledi yothyoka siwotchereredwa. Imadukanso pambali pa chowotchereracho. Ikakhala yaikulu, yomwe imagwira difu, tayala limabwerera m'mbuyo n'kukagunda bodi galimoto ili pa liwiro.

Pali zina zimene mudzamva zikutamandidwa. Matumba a labala opopera mpweya oikidwa pakati pa chasisi ndi difu amadzutsadi galimoto, koma amakankha chasisi pamalo amodzi pomwe sichinapangidwire kunyamula. Pa galimoto ya zitseko zinayi yolemedwa kumbuyo, pamenepo ndi pomwe chimapindikira. Mashoki okulungidwa ndi sipuling'i yozungulira amasenzetsa katundu timabawuti togwira shoki, tomwe timazuka. Mashakolo otalikitsa amakweza bodi koma salimbitsa kanthu. Za chipika cha mtengo chomangirira pakati pa chasisi ndi difu, icho chimangochotseratu sipuling'i yonse: bampu iliyonse imalowa yathunthu mu chasisi, m'mabering'i ndi m'katundu wanu.

Kukweza kusapitirire masentimita asanu. Kupyola pamenepo paipi ya labala ya mafuta a mabuleki ndi waya wa handibuleki zimakokeka difu ikatsika, propshaft imapendekeka kwambiri n'kuyamba kunjenjemera, ndipo galimoto ya katundu wosanja m'mwamba sichedwa kugudubuzika pamalo opendama. Mashoki agwirizane ndi msinkhu watsopanowo. Yaifupi imakokeka mpaka kuzula pogwira pake, yaitali imagunda mkati kalabala kaja kasanafike pa difu. Sinthani awiri onse nthawi imodzi.

Valavu ya mabuleki imene ambiri amaiwala

Mapikiapu ambiri akale opanda ABS, kuphatikizapo Hilux, ali ndi valavu yomangidwa ku chasisi pafupi ndi difu. Mudzaizindikira chifukwa mapaipi a mabuleki amalowamo, ndipo pali ndodo yachitsulo yopyapyala yochokera pa valavuyo kupita pa difu. Ntchito yake ndi kumva kulemera kwa katundu. Bodi ikatsika, ndodo imakankha valavu ndipo mabuleki akumbuyo amalandira mphamvu yochuluka. Bodi ikakhala m'mwamba, valavu imachepetsa mphamvuyo kuti matayala akumbuyo asagwire kotheratu n'kutembenuza galimoto.

Tsopano mwakweza kumbuyo ndiponso mwalimbitsa masipuling'i. Matumba 16 ali pamwamba, koma bodi sinatsike ngati kale. Valavu ikuona ngati galimoto ilibe kanthu, ndiye ntchito yonse yoimitsa yatsalira mabuleki akutsogolo. Pamtsetse wautali ngati ya ku Thambani, amenewo amatentha n'kuleka kugwira. Uzani makaniko wanu kuti akweze pogwira ndodo pa difu ndi muyeso womwe galimoto yakwera, kenako aichune ndi kuyesa mabuleki pamalo opanda anthu, galimoto ili yopanda katundu ndiponso italemedwa. Wina akakuuzani kuti angoichotsa valavuyo, kanani. Tsiku limene mudzabwerera opanda katundu pa tala yonyowa, kumbuyo kudzakupitirirani.

Nyali zakutsogolo nazo zichunidwenso, popeza kumbuyo kukakwera zimaloza pansi.

Ganizirani za katundu amene mumanyamula

Masipuling'i olimba kwambiri ndi abwino kwa chimanga, nandolo ndi feteleza. Kwa manachesi, tomato, mazira ndi ziweto ndi nkhani ina. Galimoto yolimbitsidwa mopitirira ikanyamula theka la katundu imadumpha, ndipo kudumpha kulikonse kumafinya zipatso za pansi. Nachesi lofinyika silioneka tsiku lomwelo. Limafewa ndi kuyamba nkhungu litafika pamsika, ndipo wogula wa ku Blantyre sadzati msewu unali woipa, adzangotsitsa mtengo kapena kusankha ena.

Ngati galimoto yanu imagwira ntchito zonse ziwiri, sungani dongosolo la magawo awiri lija: mabuledi apamwamba ofewerapo, ndi onenepa apansi amene amadikira katundu wolemera. Mukafuna kulimbitsa, limbitsani gawo lapansilo. Mashoki abwino amateteza zipatso kuposa buledi yowonjezera. Ndipo manachesi opakidwa m'makireti osadzaza mpaka pakamwa amafika bwino kuposa a m'matumba osanjikizana, ngakhale galimoto ikhale yabwino chotani.

Matayala

Pambali pa tayala pali nambala yosonyeza katundu amene lingathe kusenza. Tayala lolembedwa 195R14C 106/104 limasenza makilogalamu 950 likakhala lokha mbali imodzi, ndiye awiri akumbuyo ndi 1,900. Chilembo cha C, kapena LT pa ena, chikutanthauza kuti ndi la magalimoto a katundu. Tayala la galimoto yaing'ono lokwana pa limu yomweyo, la nambala 91, limasenza 615 okha, awiri 1,230. Difu ya pikiapu yodzaza imatha kupitirira makilogalamu 1,500. Apa mukuona chifukwa chake matayala otsika mtengo aja amaphulika pa tala dzuwa likatentha.

Tayala limasenza katundu wolembedwayo pokhapokha lili ndi mpweya wokwanira. Tsatirani muyeso wa galimoto yodzaza wolembedwa pachitseko kapena m'buku la galimoto, yezani m'mawa matayala asanatenthe, ndipo musapitirire malire olembedwa pa tayalalo. Pogula matayala ogwiritsidwa kale ntchito, funani manambala anayi akumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limang'ambika m'mbali ngakhale mano ake akuoneka atsopano. Pa galimoto yokoka mawilo onse anayi, matayala onse akhale a saizi imodzi.

Muli pomwepo, yang'anani kuseri kwa wilo lakumbuyo. Mafuta akuda onunkha otuluka m'dilamu ya mabuleki ndi chizindikiro chakuti silo yatha, ndipo kawirikawiri bering'i yatha nayo. Pa Hilux ndi mapikiapu ena ambiri a tani imodzi, wilo lakumbuyo limadalira bering'i imodzi ndi shafiti ya difu. Kulemetsa kumapha bering'i imeneyi, mafuta amanyowetsa mabuleki, ndipo ikaphwanyika shafiti ikhoza kusolokera kunja pamodzi ndi tayala.

Kapakidwe

Katundu wolemera akhale kutsogolo, atatsamira kabini, ndi pamwamba pa difu. Chilichonse chokhala kumbuyo kwa difu chimalemera koposa sikelo yake. Pa galimoto imene mawilo akutsogolo ndi akumbuyo atalikirana mamita atatu, makilogalamu 300 oikidwa mita imodzi kumbuyo kwa difu amaika 400 pa difuyo n'kuchotsa 100 pa mawilo akutsogolo. Ndiye kuti masipuling'i alemedwa, pomwe chiwongolero chapepuka pa nthawi imene mukukwera chitunda. Kutsegula chitseko cha bodi n'kusanjapo matumba, kapena kutalikitsa bodi ndi zitsulo, kumachita zimenezi. Gawani katundu mofanana mbali zonse, wolemera pansi, wopepuka pamwamba. Dilamu ya madzi ya malita 200 ndi matumba anayi a feteleza, ndipo ikakhala yosadzaza madzi amakankha galimoto pokhota. Imangeni zolimba ku zitsulo zakutsogolo.

Zowonjezera zoyenera ndalama yanu

Zitsulo zotchingira m'mbali n'zofunika kwa onyamula mbuzi, nkhumba, madengu ndi makireti. Zipangidwe ndi mapaipi opepuka, zimangidwe ndi mabawuti pa bodi kuti muzizichotsa, ndipo kutsogolo kwake kukhale kolimba koteteza galasi la kabini. Wowotcherera asawotcherere kapena kuboola chasisi. Akamagwira ntchito pa galimoto, batire ichotsedwe ndipo moto ukhale kutali ndi thanki.

Ikani ngowe zomangirapo zingwe zomwe zadutsa ndi bawuti pa chitsulo cholimba. Malamba okoka ndi chogwirira amagwira bwino kuposa mphira zodula ku machubu, zomwe zimatamuka pa bampu iliyonse. Lona ndi yofunika nyengo zonse: imateteza feteleza ndi nandolo wouma ku mvula, koma pa zipatso siyani mpata m'mbali kuti mpweya uzidutsa, poti lona yakuda yotseka ponseponse imaphika manachesi. Pansi pa bodi yalani mphasa ya labala kapena matabwa, ziweto zisamaterereke ndipo makireti asamayende.

Feteleza wa urea ndi wa NPK amadya chitsulo, chimodzimodzi ndowe ndi mkodzo wa ziweto. Mukatsitsa katundu wotere, chotsani mphasa, tsukani bodi, ndipo thirani madzi kunsi pa masipuling'i ndi mkati mwa chasisi momwe matope amakhazikika. Ndipo bodi imene yanyamula mankhwala ophera tizilombo itsukidwe ndi sopo isananyamule chakudya.

Chokokera ngolo chigulidwe chopangidwira galimoto yanu, chomangidwa ndi mabawuti m'mabowo a kufakitale. Ngolo imathandiza kugawa katundu pa mawilo ena, koma kulemera kumene imatsamiritsa pa chokokera kumawerengedwa pa katundu wa galimoto, ndipo kuli kumbuyo kwenikweni kwa difu. Mukatitimira m'matope, musakolowetse chingwe pa mpira wa chokokeracho. Umatha kuduka n'kuuluka ngati mwala wa legeni kupita kwa okoka. Gwiritsani ntchito ngowe zomangidwa ku chasisi, ndipo anthu aime kutali.

M'galimoto muzikhala jeke yokwanitsa galimoto yodzaza, thabwa lonenepa loikapo jekeyo pa dothi lofewa, khasu kapena fosholo, pampu, choyezera mpweya, bawuti yapakati yapadera, matrayango awiri ndi chozimitsira moto. Zonyezimira zofiira zakumbuyo ndi nyali zisabisike ndi zitsulo zimene mwawonjezera. Apolisi apamsewu, monga a pa Zalewa, amayang'ana zimenezi pamodzi ndi COF ndi inshuwalansi. Ngati mukufuna kusintha kwambiri maonekedwe a bodi, funsani kaye ku nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS, kuti musadzavutike pokayezetsa galimoto.

Mabampala olemera, matayala akuluakulu ndi nyali zambiri padenga ndi zokongoletsa. Zimadya katundu wololedwa ndi dizilo.

Ngati ndalama sizikwanira zonse nthawi imodzi, yambani ndi mabuleki, kenako matayala, kenako mabushi, mabawuti ndi mashoki, masipuling'i pambuyo pake, zowonjezera kumapeto. Makalabu achite bwino kukonzetsa mu Malichi kapena Epulo, manachesi asanapse, chifukwa galimoto yogona ku galaja mu Juni imaluzitsa zipatso za mamembala onse.

Tsiku lomanga ndi masiku otsatira

Galimoto iimikidwe pamalo olimba osalala, mawilo akutsogolo atatsekedwa ndi miyala kapena zipika. Chasisi chikhale pa zitsulo zoimikira, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa, zomwe zimaphwanyika mosachenjeza. Difu ikhale ndi jeke yakeyake. Gwirani mbali imodzi kenako inayo, kuti ina ikhale chitsanzo. Musanamasule bawuti yapakati, panani mulu wonse ndi kalampu, chifukwa mabuledi ali ndi mphamvu yothyola chala.

Mabawuti a U akale asabwezeredwe. Anatamuka kale pomangidwa koyamba ndipo mazinga ake anadyeka. Atsopano amangidwe pang'onopang'ono mosinthanasinthana, ngodya ndi ngodya, mpaka muyeso wa m'buku la galimoto. Mabawuti a m'maso ndi a shakolo amalizidwe kumanga galimoto itatsitsidwa n'kuima pa matayala ake. Akamangidwa ili m'mwamba, labala wa mabushi amapotoka galimoto ikatsika ndipo sakhalitsa. Mabushi a labala sapakidwa girizi wamba chifukwa amawafewetsa. Apulasitiki olimba aja, ofiira kapena achikasu, ndiwo amafuna girizi wakewake.

Mabuledi atsopano amakhazikika m'masiku oyamba ndipo mabawuti a U amakhwepa. Amangeninso mukabwera ulendo woyamba wa ku Blantyre, womwe ndi pafupifupi makilomita 100 kupita kokha, kenako pakatha mwezi, kenako kumayambiriro kwa nyengo iliyonse yokolola. Yezaninso msinkhu wa mbali zonse ziwiri monga munachitira poyamba paja, lembani manambalawo pamodzi ndi tsiku m'kope la galimoto kapena la kalabu, ndipo muziyerekeza nawo mukamayeza chaka chamawa.